Matebulo a makolo agwa mtengo ku Mangalande

Anthu amene ankagula matebulo akale a matabwa ku Mangalande m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ankati akusungira ana awo chuma. Lero ana aja akanyamula tebulo kupita nalo ku okushoni, ambiri amabwerako manja ali m'khosi.

Mitengo ya mipando ndi matebulo akale inafika pachimake cha m'ma 2002, kenaka inayamba kutsika chaka ndi chaka. Tebulo lodyerapo la zaka 200, lomwe kale ogula ankalimbirana, tsopano nthawi zina limapita pa mtengo wochepera wa tebulo latsopano la m'sitolo.

Chifukwa chake n'chosabisika. Nyumba zambiri zatsopano m'dzikomo zilibe chipinda chodyera chapadera, ndipo tebulo la anthu khumi ndi awiri silingalowe m'kafulati ka mu London. Achinyamata akukonda katundu wopepuka wa m'masitolo monga IKEA, yomwe inatsegula sitolo yake yoyamba ku Britain mu 1987. Pamwamba pa izo, okalamba amene ankasunga katunduyu akumwalira kapena kusamukira m'nyumba zing'onozing'ono, choncho matebulo achuluka pamsika pamene ogula achepa. Mlimi wa matimati amaidziwa bwino nkhani yotere.

Komatu si onse agwa. Katundu wa mmisiri Thomas Chippendale, yemwe anabadwira ku Otley mu 1718 n'kumagwira ntchito mu London, akadali wa anthu a matumba akuya. Mu 2010 kampani ya Sotheby's inagulitsa kabati ina yomwe akatswiri amati inachokera m'manja mwake pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 3.8 miliyoni. Mu 2007 mipando ndi matebulo ake a m'nyumba ya Dumfries House ku Scotland zinatsala pang'ono kugulitsidwa ndi kampani ya Christie's, koma gulu lotsogozedwa ndi Charles, yemwe pano ndi mfumu ya Britain, linasonkha mapaundi 45 miliyoni n'kugula nyumbayo pamodzi ndi katundu wake kuti asamwazikane.

Apa zikuonetsa kuti ogula salipira ukale wokha. Amafuna umboni wa amene anapala matabwawo ndi nyumba imene tebulolo linakhalamo. Lisiti lakale likhoza kukweza mtengo kuposa kukongola kwa miyendo. Amayang'ananso pansi pa tebulo kuti aone ngati thabwa la pamwamba ndi miyendo zinabadwira limodzi, poti amalonda ena ochenjera ankalumikiza zidutswa za matebulo awiri. Ndipo mwini wake akalikwecha ndi sandipepa n'kulipaka vanishi watsopano kuti liwale, ndiye kuti walipha yekha: ogula amafuna khungu lakale lomwe lija, mabala ake omwe.

Palinso ndalama yobisika. Wopambana pa okushoni amawonjezera ndalama ya kampani yogulitsa, yomwe m'malo ambiri imafika gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengowo. Wogulitsa naye amadulidwa yake. Pa tebulo lotchipa, chotsala m'manja chikhoza kuthera kulipira galimoto yomwe inalinyamula.

Mbiri ya matabwawo nayo yayamba kufunsidwa. Matebulo ambiri otchuka ndi a mtengo wa mahogany, wachibale wa mbawa. Unayamba kulowa wambiri ku Britain boma litachotsa msonkho pa matabwa ochokera m'maiko a atsamunda ake ku America mu 1721. Ku Jamaica ndi ku gombe lomwe lero ndi Belize, odula ndi kukoka mitengoyo ambiri anali akapolo ochokera ku Africa. M'mabuku onenerera malonda a okushoni dzina la mmisiri ndi la bwana wogula amawalemba monyadira, koma la wodula mtengo simulipeza.

Malamulo nawo athina. Kuyambira mu June 2022, dziko la Britain linaletsa malonda a zinthu za minyanga ya njovu, kupatula zochepa. Tebulo lokongoletsedwa ndi mnyanga limaloledwa kugulitsidwa ngati linapangidwa chisanafike chaka cha 1947, mnyangawo sukufika magawo 10 pa 100 alionse a tebulolo, ndipo mwini wake walilembetsa kuboma. Akalephera zimenezi, nthawi zambiri tebulo limakhala pakhomo, kaya ana akulifuna kaya ayi.