Atsogoleri Amvere Zimene Kafukufuku Wapeza pa Nyanja ya Chilwa



1. Buku la Genesis, mutu 41, limatiuza kuti Aejipito adapulumuka ku njala ya zaka 7 chifukwa Farao adamvera Yosefe, nalamula kuti chakudya chisungidwe nthawi ikadalipo. Nzeru zidakumana ndi ulamuliro, anthu nakhala ndi moyo. Kodi kwathu kuno ziwirizi zimakumana?

2. Ife a ku Naisi ndi chigwa chonse cha Domasi tili pakati pa anthu ophunzira. Ku Zomba kuli University of Malawi ndi Forestry Research Institute of Malawi. Ku Domasi kuli malo ofufuza za ulimi wa nsomba. Kuyambira mu 2010, akatswiri adagwira ntchito zaka zingapo, ndi thandizo la dziko la Norway, kufufuza za kusintha kwa nyengo m'dera la Nyanja ya Chilwa. Uthenga wao ndi womveka: nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo moyo wake uli m'mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Mitengo ikatha m'mapiri a Zomba ndi Malosa, madzi a mvula salowa pansi. Amathamanga, kukokolola nthaka ndi kukakwirira nyanja.

3. Zotsatira zake taziona. Nyanja idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaumanso mbali yaikulu mu 2012 ndi mu 2018. Matemba adasowa, asodzi adataya ntchito, alimi a mpunga adalimbirana madzi. Mu 2023 namondwe wa Freddy adationetsanso zimene madzi amachita m'mapiri opanda mitengo.

4. Choncho vuto si kusowa kwa nzeru ayi, koma kuti zopeza za kafukufuku zimagona m'mabuku a Chingerezi, pamene ndondomeko za chitukuko zimatsata zimene zingakope mavoti. Timathamangitsa mmphawi wootcha makala, osam'patsa njira ina yopezera chakudya, ndiponso osafunsa amene amagula makalawo m'tauni. Ichi si chilungamo. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adatikumbutsa kuti chilengedwe chikaonongeka oyamba kuvutika ndi amphawi.

5. Tikupempha izi:
(a) Akatswiri abwere m'midzi kudzafotokoza zimene apeza m'Chichewa ndi m'Chiyao, namverenso akuluakulu amene amadziwa mbiri ya mitsinje yathu.
(b) Khonsolo ya boma la Zomba, makhansala ndi aphungu asavomereze chitukuko chokhudza madzi, madambo ndi nkhalango asanamve uphungu wa akatswiri, ndipo auze anthu poyera chifukwa chake akaukana.
(c) Mafumu aletse kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje mosakondera munthu.
(d) Miphakati ikambirane nkhaniyi, ndipo ifunse atsogoleri ndalama zimene aika padera zotetezera magwero a madzi.

6. Dziko ili Mulungu adangotisungitsa, ndipo ana athu adzatifunsa. Mzimu Woyera aunikire atsogoleri athu kuti akonde choona koposa mipando yao.