Apendikisi: Mapointi 10 omwe angafulumizitse wodwala wa ku Chongoni kukafika ku opaleshoni

Munthu wa m'midzi yozungulira phiri la Chongoni ku Dedza m'mimba mukamupweteka kwambiri, amayamba wafika pachipatala chaching'ono, pomwe nthawi zambiri palibe makina ounikira m'mimba. Wachipatala amayenera kusankha msanga: ampatse mankhwala abwerere kunyumba, kapena amutumize kuchipatala chachikulu cha boma la Dedza? Poti mafuta a galimoto akhala akusowa m'dziko muno, ulendo uliwonse wa ambulansi ndi wofunika kuuganizira bwino.

Vuto limodzi loopsa ndi kutupa kwa apendikisi, kathumba kakang'ono ka m'matumbo kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja. Kakaphulika, mafinya amafalikira m'mimba monse ndipo munthu akhoza kufa.

Mu 1986, dokotala Alfredo Alvarado adakonza njira yowerengera zizindikiro za matendawa. Pointi imodzi imaperekedwa pa chilichonse mwa izi: ululu wosamukira kumunsi kumanja, kusafuna kudya, mseru kapena kusanza, kutentha thupi, ndi ululu wobaya dokotala akachotsa dzanja mwadzidzidzi atadina pamimba. Kupweteka akadina kumunsi kumanjako ndi mapointi 2. Mapointi 3 otsala amachokera poyeza maselo oyera a m'magazi.

Wodwala akapeza 4 kapena kucheperapo, mwayi woti ndi apendikisi ndi wochepa. Wopeza 5 kapena 6 amafunika kumuyang'anira ndi kumuyezanso. Kuyambira 7, aonedwe msanga ndi odziwa za opaleshoni.

Ubwino wake kumudzi ndi wakuti mapointi 7 mwa 10 safuna labotale. Dzanja, choyezera kutentha thupi ndi mafunso abwino ndi zokwanira kuti wachipatala adziwe woyenera kutumizidwa.

Komabe mapointiwa sagamula okha. Kwathu kuno kutentha thupi ndi kusanza kumabweranso ndi malungo kapena taifodi, yomwe nayonso imaboola matumbo. Kwa amayi, mimba yokhala kunja kwa chiberekero imapweteka malo omwewo, n'chifukwa chake amayamba awayeza ngati ali oyembekezera. Mwa ana aang'ono ndi okalamba, zizindikiro sizioneka bwino.

Njirayi imathandiza amene wafika kuchipatala nthawi ikadalipo. Ululu ukayambira pamchombo n'kutsikira kumanja, musadye, musamwe mankhwala otsegula m'mimba, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ululu ukaleka mwadzidzidzi, musaganize kuti mwachira: mwina kathumbako kaphulika.