ZA UMOYO: Mnyamata akafooka minofu, dotolo ayang'anenso machende

Mnyamata wamphamvu zake akayamba kulephera kudzuka pa mpando, kukwera chitunda kapena kukweza thumba la chimanga, abale amafulumira kunena kuti watopa ndi khasu, ena nkumati walodzedwa. Koma kulipo kudwala kwina kumene madotolo amakutcha dermatomyositis. Minofu ya m'ntchafu ndi m'mapewa imatupa ndi kufooka pang'ono-pang'ono mbali zonse ziwiri. Khungu la pa zikope ndi pa mfundo za zala limasintha mtundu, ndipo pa munthu wakuda limaoneka lakuda kwambiri. Ena amavutika ngakhale kumeza.

Gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimatembenukira mwini wake. Nthawi zina chimene chimaputa nkhondoyi ndi khansa yobisika: thupi polimbana ndi chotupa, limakanthanso minofu ndi khungu. Dotolo wa ku Germany, Stertz, analemba za mgwirizano umenewu m'chaka cha 1916. Kawiri-kawiri khansayo imakhala ya m'mapapo, ya m'mimba, ya bere kapena ya thumba la mazira la amayi, ndipo imaonekera makamaka m'zaka 3 zoyamba za matendawa.

Kwa anyamata, ngakhale sizichitika kawiri-kawiri, chotupacho chapezekapo m'machende. Khansa imeneyi imakonda amuna a zaka 15 mpaka 40, makamaka amene tchende lawo silinatsike ali akhanda. Imayamba ngati kabulu kolimba kosapweteka, nchifukwa chake ambiri amakhala chete, manyazi nawonso nkuwatseka pakamwa.

Chotonthoza nchakuti khansa ya machende ili m'gulu la zochizika kwambiri. Dotolo Lawrence Einhorn wa ku Indiana, ku America, anayamba kuichiza ndi mankhwala a cisplatin mu 1974, ndipo lero odwala oposa 90 pa 100 alionse amachira kumene mankhwala alipo. Tchende lodwala limachotsedwa, ndipo lotsalalo likakhala labwino limakwanira kubereka. Chotupa chikachoka, minofu nayo kawiri-kawiri imayamba kubwerera mphamvu, mothandizidwa ndi mankhwala onga prednisolone.

Choncho mwamuna wofooka motere apite ku chipatala msanga, akayezedwe magazi, ndipo apemphe dotolo kuti amuyeze thupi lonse, osabisa za kumaliseche. Mwamuna aliyense adzipapase posamba kamodzi pa mwezi. Akapeza kabulu, asadikire kuti kayambe kupweteka.