Magetsi akathima dzina lisanakhazikike

Kusintha dzina la fayilo pakompyuta kumaoneka ngati kantchito kachabechabe. Koma kwa mapulogalamu a database, omwe amasunga maakaunti a kubanki ndi mbiri ya odwala, apa m'pamene pagona nkhani.

Pulogalamu yochenjera silemba pamwamba pa fayilo yakale. Imalemba ina pambali, kenako n'kuipatsa dzina la yakaleyo. Pa Linux, lamulo la rename limachita zimenezi kamodzin'kamodzi, moti wotsegula amapeza yakale kapena yatsopano, osati theka.

Vuto n'lakuti kompyuta imayamba yasunga zolembedwazo mu memory, padisiki zimafika mochedwerapo. Magetsi akathima pakati pamenepa, dzina limatha kupezeka koma m'kati mulibe kanthu. Zoterezi zinawagwera ena ogwiritsa ntchito ext4 ya Linux mu 2009.

Mankhwala ake ndi fsync, lamulo lokakamiza kuti zonse zifike padisiki. Mumayamba fsync pa fayilo, kenako rename, pomaliza fsync pa foda, poti dzina limakhala m'fodamo. PostgreSQL inalimbitsa njira imeneyi mu 2016 ndi durable_rename.

Pa Windows nkhani ndi ina. Kusinthako kumatha kukanika ngati antivirus yatsegula fayiloyo, n'chifukwa chake PostgreSQL imayesa mobwerezabwereza mpaka masekondi 10.

Kwathu kuno magetsi amachoka osatsanzika. Choncho inu ogulira ofesi pulogalamu yosunga zinthu, mufunseni wogulitsayo: kodi munayesapo kuzula pulagi kompyuta ili m'kati molemba? Akayamba kukanda m'mutu, ndalama zanu zibwerere m'thumba.