Chekeni Si Mankhwala

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo yandiphunzitsa kukayikira mawu amene amavuta kuwatembenuza. Limodzi mwa mawu otere ndi "therapy", lomwe limalembedwa pachikuto cha mabuku ambiri ochekenira a anthu akuluakulu. M'Chingerezi liwuli linasukuluka kalekale moti amalimata ngakhale pa sopo ndi pa kandulo. Koma taliyesani m'Chichewa. Mulemba kuti "chithandizo cha wodwala", ndipo pomwepo bodza liyera poyera. Kodi maluwa a papepala ndi chekeni zingachize munthu?

Malondawa anakula ngati moto wolusa. Mu 2012 kampani ya Hachette ku France inatulutsa buku la zithunzi 100 zochekenira, n'kulitcha Art-thérapie. Mu 2013 Johanna Basford wa ku Scotland anatulutsa Secret Garden, lomwe pofika 2015 linali pamwamba pa mabuku ogulidwa kwambiri pa Amazon. Ku America chaka chimenecho kunagulidwa mabuku ochekenira pafupifupi 12 miliyoni, pamene mu 2014 anali 1 miliyoni yokha.

Sindikunyoza munthu wochekenira ayi. Amene amati n'zachibwana anaiwala momwe mtima umakhalira pansi madzulo potong'ola chimanga kapena poswa mtedza. Manja akamabwereza ntchito imodzi yosavuta, maganizo amapumako. Kafukufuku wa Nancy Curry ndi Tim Kasser wa mu 2005 anaonetsa zomwezo. Ophunzira 84 anauzidwa kulemba za nthawi imene anachitapo mantha, kenako anachekenira kwa mphindi 20. Amene anapatsidwa zithunzi zojambulidwa kale, nkhawa yawo inatsika kuposa amene anapatsidwa pepala lopanda kanthu.

Komatu onetsetsani: nkhawayo anachita kuidzutsa ofufuzawo, ndipo anaiyeza nthawi yomweyo. Nkhawa ya mphindi 20 si yofanana ndi ya mayi amene watha miyezi itatu tulo osatiwona. Ngakhale bungwe la American Art Therapy Association linanena poyera kuti kuchekenira mabuku amenewa n'kosiyana ndi chithandizo chenicheni, chomwe chimafuna katswiri wophunzira amene amayenda limodzi ndi wodwalayo.

Apa ndi pamene pagona mkwiyo wanga. Munthu amene akudwaladi matenda a maganizo akagula buku lolonjeza chithandizo, n'kuchekenira masamba onse koma mtima osapepuka, saimba mlandu wosindikiza. Amadziimba yekha. Amati mwina ndine wosachiritsika, ndipo masiku opita kuchipatala amanka napita. Komanso bwana amene angagawire antchito otopa mabuku ndi chekeni, malipiro ndi maola a ntchito osawakhudza, ndiye kuti wagula mtendere wake motchipa. Vuto lochokera pantchito walisandutsa vuto la m'mutu mwa wantchito.

Ngati tikufuna chitsanzo cha chithandizo chotsika mtengo koma chenicheni, tisapite kutali. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu ovutika ndi zimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso, n'kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzi ndi limodzi. Zotsatira zomwe zinatuluka m'magazini ya JAMA mu 2016 zinasonyeza kuti patatha miyezi 6 anthuwa anali bwino kuposa amene analandira chisamaliro cha masiku onse. Chimene chili pabenchipo, chomwe m'buku mulibe, ndi khutu la munthu. Ndiponso chimanga chija sitinkatong'ola patokha. Tinkakhala pamphasa ambiri, nkhani zikutuluka.

Choncho chekenirani, abale, ndipo musachite nazo manyazi. Koma osindikiza alembe zoona pachikuto: ili ndi buku lopumulirapo. Ndipo mnzanu akakuuzani kuti sakugona, musamutumizire chekeni. Pitani mukakhale naye, mumve, ndipo ngati kuli kofunika mumuperekeze kuchipatala.