Njerwa Tinaumba, Malata Ali Kuti?

Pamene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, ana amene kufikira nthawiyo anali kuweta mbuzi ndi kulera makanda kumudzi anakhamukira kusukulu ngati inswa zotuluka pachulu mvula yoyamba itagwa, kotero kuti chiwerengero cha ophunzira, chimene chinali pafupifupi 1.9 miliyoni, chinafika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chokoma, ndipo munthu wa mtima wolungama sangachinyoze. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a mvula ija tikali kuwaponda, ngakhale papita zaka zoposa 30.

Masiku amenewo aphunzitsi anali osowa, nchifukwa chake boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 osadziwa za uphunzitsi, niliwalangiza kwa masabata owerengeka, niliwatumiza kukaima pamaso pa ana. Lero zinthu zatembenuka modabwitsa, pakuti makoleji a ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga ndi Blantyre amatulutsa aphunzitsi osulidwa bwino, koma ambiri a iwo amakhala pakhomo zaka, akugulitsa mandasi kapena kupalasa kabaza, podikira kuti ndalama zowalembera ntchito zipezeke. Chikhalirecho boma lomwelo limati mphunzitsi mmodzi ayenera kukhala ndi ana 60, pamene m'sukulu zambiri mayi mmodzi amaima pansi pa mtengo wa mango ndi ana a Sitandade 1 oposa 100, okhala pafumbi, olimbirana buku limodzi, amene mitambo ikangoda amauzidwa kuti aweruke. Kufunsa mayi wotere kuti bwanji ana ake sadziwa kuwerenga kuli ngati nkhanza za Farao, amene anafuna njerwa zochuluka monga kale atawamana Aisraeli udzu.

Wina asanene kuti anthu akumudzi apinda manja. Mafumu amemeza anthu awo, amayi atunga madzi, abambo aumba njerwa naziwotcha, ndipo makolo akhala akusonkha kandalama ka chitukuko pa sukulu imene imatchedwa yaulere. Koma mauvuni ambiri aima mpaka kumera udzu, popeza simenti, malata ndi malipiro a mmisiri sizikumbidwa kudambo. Thandizo limene boma limatumiza kusukulu iliyonse nlochepa, kawirikawiri limafika mochedwa, ndipo linachepanso mphamvu pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chaka chomwecho chimene namondwe Freddy anagumula zipinda zophunziriramo m'chigawo cha kummwera.

Tsono ndikupemphani inu olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo, amene mu 2013 munakhazikitsa lamulo lakuti mwana aliyense aziphunzira sukulu ya pulayimale mokakamizidwa, kuti pokambirana ndondomeko ya chuma mukumbukire kuti mmera mpoyamba, ndi kuti mwana amene watsiriza Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga sadzapindula ndi sekondale kapena yunivesite, ngakhale muimange yokongola chotani. Lembani ntchito aphunzitsi amene tawasula kale ndi misonkho yathu, muwatumize ku makalasi aang'ono ndi kumidzi, ndipo ndalama za chitukuko cha m'madera anu zifolere zipinda zimene njerwa zake zili kale pabwalo. Mudzi unachita mbali yake. Yatsala ndi yanu.