Kanema wa uthenga wa kolera akamadukiza pafoni

Nyengo ya mvula ndi nyengo ya kolera, matenda omwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023. Inu mavolontiya a zaumoyo a ku Mitundu, Nathenje ndi midzi yozungulira nkhalango ya Dzalanyama, mwina mukukonza kanema wa pa WhatsApp wophunzitsa makolo kuthira kolorini m'madzi. Mukangoika zokometsera mu CapCut, kanemayo ayamba kudukizadukiza.

Sikuti wawonongeka ayi. Sekondi iliyonse ya kanema imakhala ndi zithunzi pafupifupi 30, ndipo pokuonetsani, foni imayenera kukonza chilichonse nthawi yomweyo. Zokometsera zikachuluka, foni yochepa mphamvu imalephera kufulumira n'kumadumpha zina. Ikatentha, imachepetsanso liwiro. Koma posunga kanema womaliza, imakonza zithunzizo modekha, ndiye nthawi zambiri amatuluka bwinobwino.

Choncho jambulani pa 720p, yambani ndi kudula, zokometsera muike pomaliza. Tsekani mapulogalamu ena, ndipo foni isakhale padzuwa.

Chachikulu, musachedwetse uthenga pofuna kukongoletsa. Kholo likufuna kumva mawu anu bwino ndi kuona mlingo wa kolorini, mwana asanamwe madzi a pachitsime.